Function ya mizere yoposa 600 pa till ya sitolo: ndiyambire pati?

Lolemba

Tiyamike (Dzivaresekwa): Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndabwera ndi vuto la kuntchito, ndipo ndikupempha maganizo a inu amene mwakhalitsa pa ntchitoyi. Ndapatsidwa pulogalamu ya pa till ya sitolo ina yogulitsa simenti, malata ndi penti mtauni muno mu Harare, ku Zimbabwe. Inalembedwa m'chinenero cha mapulogalamu chotchedwa PHP, ndipo amene anailemba anasamukira kunja. Mkati mwake muli function imodzi (chigawo cha pulogalamu chokhala ndi dzina ndi ntchito yakeyake) dzina lake processSale, ya mizere yoposa 600. Palibe chimene sichita: imatenga mitengo mu database, imasintha madola a ku America kukhala ZiG (ndalama ya Zimbabwe), imawerengera VAT, imachotsera mtengo anthu ogula zambiri, imawerengera chenji, imachotsa katundu mu stock, imatumiza lisiti ku makina a msonkho, kenako imalamula pulinta. Tsopano abwana akufuna kuti kasitomala azitha kulipira ndalama zina pa EcoCash (njira yolipirira pa foni), zina madola a pamanja, pa lisiti limodzi. Ndaiwerenga kuyambira pamwamba mpaka pansi koma sindikuona pamene ndingagwire osagwetsa china. Ma test oyesera ngati pulogalamuyi ikugwira bwino palibe ngakhale imodzi. Ndiyambire pati?

Kondwani (Mabvuku): Achemwali, imeneyo musataye nayo nthawi. Lembani yatsopano. Tengani Laravel, chimango cholembera mapulogalamu a PHP, muike chilichonse pamalo pake, milungu itatu mwamaliza. Code yotero mukaisisita lero, mawa ikulumani pena.

Yamikani: PHP yake ndi iti?

Tiyamike: 7.4 achimwene, koma malembedwe ake ndi a nthawi ya 5.6.

aPhiri (Highfield): Mwanangu Tiyamike, mawu a Kondwani musawatsatire msanga, ngakhale ndikumvetsa kumene akuchokera. Ndikufuna muyambe mwafunsa chifukwa chimene function imeneyi inatalikira. Sikuti amene anailembayo anakhala pansi tsiku limodzi n'kulemba mizere 600. Taganizirani zimene sitolo iliyonse ya mu Harare yadutsamo. Mu 2009 tinayamba kugulitsa ndi madola a ku America ndi marandi. Mu November 2016 kunabwera ma bond note. Mu February 2019 kunabwera RTGS dollar, ndipo mu June chaka chomwecho boma linaletsa kugulitsa ndi ndalama zakunja. Mu March 2020 madola analoledwanso. Pa 5 April 2024 kunabwera ZiG. VAT nayonso inatsika kufika pa 14.5 peresenti mu 2020, n'kubwerera pa 15 mu 2023. Kusintha kulikonse kumabwera mwadzidzidzi, nthawi zina Lachisanu madzulo, ndipo Lolemba m'mawa till imayenera kugwira ntchito. Munthu amaika if yatsopano pamene wapeza mpata, n'kupita kwawo.

Ndiye mizere imeneyo muli zinthu zimene palibe pepala lililonse linazilemba. Mukalemba yatsopano mudzalemba zimene mukuganiza kuti sitoloyo imachita, osati zimene imachitadi. Kusiyana kwa ziwirizi mudzakuona tsiku limene kasitomala wayima pa till ndi matumba 40 a simenti ndipo mzere wafika pakhomo.

Zimenezi zinachitikapo ndi makampani aakulu. Netscape anaganiza zolembanso browser yawo kuyambira pachiyambi. Netscape 4 inatuluka mu 1997, ya 5 sinatuluke n'komwe, ya 6 inadzatuluka kumapeto kwa 2000, msika utapita kale kwa Internet Explorer.

Kondwani: Amalume, Netscape inali ya mizere mamiliyoni. Iyi ndi till ya sitolo ya malata.

aPhiri: Zoona, koma till imeneyo ndi imene imadyetsa mabanja a anthu onse ogwira ntchito mmenemo, ndipo ikalakwitsa msonkho ndi abwana awo amene akayankhe ku ZIMRA, bungwe lotolera msonkho.

aNabanda (Waterfalls): Ndikuvomerezana ndi bambo Phiri, koma ndifike pa zimene Tiyamike achite mawa m'mawa. Mng'ono wanga, musadule kanthu kaye. Refactoring ndi kusintha kamangidwe ka code popanda kusintha zimene imachita. Mawu omalizawo ndiwo ofunika. Ngati mulibe njira yotsimikizira kuti zimene imachita sizinasinthe, ndiye kuti simukuchita refactoring, mukungosintha code n'kumapemphera.

Choyamba ndi kuigwira function imeneyi mmene ilili. Michael Feathers, m'buku lake la 2004 lonena za code yakale, anazitcha characterization tests. Simulemba test yonena zimene function iyenera kuchita, mumalemba yonena zimene ikuchita lero, zolondola ndi zolakwika zomwe. Inu muli ndi mwayi chifukwa sitolo imasunga malisiti. Koperani database pa kompyuta yanu, musagwire ya ku sitolo. Sankhani malisiti akale a mitundu yonse: a madola, a ZiG, a swipe (olipira ndi khadi), a ogula zambiri, a katundu wobwezedwa, a chinthu chimodzi chokha, a zinthu 30. Pa lililonse lowetsani katundu yemweyo mu processSale ndipo musunge zonse zimene zatuluka mu fayilo: total, VAT, chenji, mawu onse a pa lisiti, ndi zimene zasintha mu stock. Fayilo imeneyo ndiyo mboni yanu. Mukasintha mzere umodzi, muthamangitsenso zonse n'kuyerekeza. Pakasiyana ngakhale senti imodzi, bwererani.

Tiyamike: Zikomo achemwali. Koma vuto ndi loti ndikangoiitana imatumiza lisiti ku makina a msonkho ndi ku pulinta. Sindingatumize malisiti abodza ku ZIMRA.

aNabanda: Ayi ndithu, zimenezo musayerekeze. Apa ndi pamene mudule koyamba, ndipo mudule pang'ono kwambiri. Pezani mizere imene imalankhula ndi makina a msonkho, muichotse muiike mu function yakeyake, mwachitsanzo tumizaKuMsonkho. Chitani chimodzimodzi ndi ya pulinta. Musasinthe ngakhale chilembo mkati mwake, kungosamutsa basi. Ngati muli ndi PhpStorm, sankhani mizereyo mudine Ctrl+Alt+M, makinawo akusamutsirani popanda dzanja lanu kulakwitsa. Kenako konzani kuti pa nthawi ya test ziwirizo zilowedwe m'malo ndi zongoyerekezera zimene zimangolemba mu fayilo zomwe zalandira. Palinso zina ziwiri zoti muzimange: tsiku ndi rate yosinthira ndalama. Ngati function imafunsa yokha kuti lero ndi liti kapena rate ili pa bwanji, test yanu idzapambana lero n'kulephera mawa. Lisiti lililonse lakale lipatseni tsiku lake ndi rate yake ya tsikulo.

Mphatso (Eastlea): Pa rate pomwepo, ine ndimagwira za maakaunti ndiye ndiwonjezere. Onetsetsani kuti mwatenga malisiti a mbali zonse ziwiri za 27 September 2024. Tsiku limenelo Reserve Bank inatsitsa ZiG kuchoka pa pafupifupi 14 pa dola kufika pa pafupifupi 24. Masitolo ambiri anasintha zinthu mothamanga sabata imeneyo, ndipo ngati pali nambala imene inalembedwa ndi dzanja mkati mwa code, malisiti a masiku amenewo ndiwo adzaiulule.

Yamikani: Funso la wophunzira: kodi pali nambala yeniyeni yoti function ikapitirira apa yatalika? Ku sukulu anatiuza za cyclomatic complexity koma sindinaione ikugwira ntchito.

aPhiri: Ilipo, Yamikani, ndipo ndi yakale kuposa ambiri a inu. Thomas McCabe anailemba mu 1976. Kuwerenga kwake n'kosavuta: yambani ndi 1, ndipo muwonjezere 1 pa if iliyonse, pa loop iliyonse, pa case iliyonse. Nambala imene mwapeza ikukuuzani kuchuluka kwa njira zosiyana zimene muyenera kuyesa kuti mudutse nthambi zonse za function. McCabe ananena kuti ikapitirira 10 muyambe kuda nkhawa. PHPMD, pulogalamu yosanthula code ya PHP, imadandaula pa 10 pomwepo, ndiponso imadandaula method ikafika mizere 100. ESLint ya JavaScript imayamba kulira pa 20. Tiyamike, ithamangitseni PHPMD mutiuze.

Koma nambalayi imangoloza pamene pali utsi. Siyikuuzani pamene mudule.

Tiyamike: Ndaithamangitsa. Yapereka 94.

Kondwani: 94! Amalume mwamva? Ndimanena ine.

aPhiri: Ndamva, mphwanga. N'chifukwa chake munthu mmodzi sangailembenso kuchokera m'mutu osaiwala njira zina.

Lachitatu

Tiyamike: Ndabweranso. Magetsi anavuta dzulo kwathu ndiye ndinagwirira ku ofesi mpaka madzulo, koma mboni ija ilipo tsopano ndipo malisiti onse amene ndinasankha akutuluka mofanana ndi a mu database. Powerenga bwinobwino ndapeza zinthu zitatu zimene sindikuzimvetsa.

Choyamba, pali chigawo chachitali choyamba ndi if ya ZWL (dola ya Zimbabwe imene inalipo ZiG isanabwere), ndipo mkati mwake muli nambala 2498.7242. Ndalama imeneyo kulibenso, ndiye ndikuganiza zochifufuta.

Chachiwiri, munthu akalipira madola a pamanja, function siyipereka chenji chonse. Masenti otsala imawalemba mu table ina pa dzina la kasitomala. Pa ZiG ndi pa swipe sichita zimenezo.

Chachitatu ndi chimene chandidetsa nkhawa. Kwa kasitomala wamba, VAT imawerengedwa pa chinthu chilichonse payekha, kuzungulizidwa, kenako kuphatikizidwa. Kwa ogula zambiri imawerengedwa kamodzi pa total. Katundu yemweyo akhoza kusiyana ndi senti imodzi kapena ziwiri malinga ndi amene wagula. Ichi chikuoneka ngati cholakwika. Ndichikonze pomwe ndikudula?

Kondwani: Ya ZWL fufutani, ndi code yakufa. Git, pulogalamu yosunga mbiri ya code, ikusungirani mukaifuna.

Mphatso: Dikirani kaye achimwene. Nambala imeneyo ndi imene inagwiritsidwa ntchito posintha ZWL kupita ku ZiG mu April 2024. Kugulitsa kwa ZWL kunatha, inde, koma funsani: munthu akabweza katundu amene anagula isanafike April 2024, kapena owerengera ndalama akafuna kusindikizanso lisiti lakale pa nthawi ya audit, pulogalamuyo imadutsa kuti? Mabuku a msonkho sasungidwa chaka chimodzi chokha. Sitolo ya zomangira ilinso ndi anthu amene analipiriratu katundu n'kumatenga pang'onopang'ono pamene nyumba ikukwera ku Budiriro kapena ku Ruwa. Akaunti yotero ikhoza kukhala kuti inatsegulidwa mu ZWL.

Chachiwiricho si cholakwika ayi. Nonse mukudziwa vuto la chenji muno. Dola ilipo koma makobili ake kulibe, n'chifukwa chake kwina amakupatsa maswiti kapena bolopeni, kwina kapepala koti udzagulire tsiku lina. Sitolo yanuyo inasankha kusunga masentiwo pa dzina la munthu. Imeneyo ndi ngongole ya sitolo kwa kasitomala, ndipo ili m'mabuku. Mukaichotsa, mabuku sadzagwirizana kumapeto kwa mwezi.

aNabanda: Pa ya ZWL pali njira yodziwira popanda kukangana. Ikani mzere umodzi pamwamba pa chigawocho wolemba mu log (fayilo ya zochitika) nthawi iliyonse chikadutsidwa, ndi nambala ya lisiti. Usiyeni miyezi ingapo, kuphatikizapo kutseka kwa chaka. Pakali pano chisamutseni chonse chikhale function yake, chichoke pamaso panu. Log ikakhala yopanda kanthu, mudzafufute ndi mtima umodzi. Yang'ananinso git blame, yoonetsa amene anasintha mzere uliwonse, pa mizere imeneyo, mwina amene anailemba anasiya mawu mu commit (kusintha kosungidwa mu Git).

Chachitatucho ndi chimene ndikufuna tikhalepo. Mng'ono wanga, musachikonze tsopano, ngakhale mutatsimikiza kuti ndi cholakwika. Mukasakaniza kudula ndi kukonza mu commit imodzi, mboni yanu ija yafa. Ma test adzalephera, ndipo simudzadziwa ngati alephera chifukwa cha chimene mwakonza dala kapena chifukwa cha china chimene mwathyola osadziwa. Lembani chimene mwapezacho, ndi malisiti awiri osonyeza kusiyanako, mukapereke kwa abwana ndi kwa owerengera ndalama. Iwo ndi amene anene njira yolondola. Pakali pano code yanu yatsopano ibwereze kusiyanako ndendende. Mupange ma function awiri, vatPaChinthu ndi vatPaTotal, mayina awo anene poyera zimene zinali zobisika. Tsiku limene adzagamule, kukonzako kudzakhala kwa mzere umodzi, mu commit yakeyake, yokhala ndi tsiku ndi chifukwa.

Kondwani: Ndiye tikusunga dala chinthu cholakwika? Zimenezo zimandiwawa.

aNabanda: Zimawawa aliyense, achimwene. Koma chakhala chilipo zaka, sabata ina imodzi sichipha munthu. Chimene chingavulaze ndi kusintha msonkho wa sitolo ya eni popanda eni ake kudziwa.

aPhiri: Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Yamikani: Pepani ndipatuke pang'ono. Ndalamazo zikusungidwa ngati float, mtundu wa nambala za decimal?

Tiyamike: Eya, float paliponse, ndi round apa ndi apo.

Yamikani: Ndiye samalani posamutsa mizere. Mu float, 0.1 kuphatikiza 0.2 sikupereka 0.3 yeniyeni, kumapereka 0.30000000000000004. Mukasintha dongosolo la kuchulukitsa ndi kuzunguliza, mwachitsanzo kusintha ndalama musanachotse discount m'malo mochotsa kaye, senti ikhoza kusuntha ngakhale masamu a papepala akunena kuti n'zofanana. Tsogolo lake ndi kusunga masenti ngati integer (nambala yathunthu) kapena kugwiritsa ntchito bcmath, chida cha PHP chowerengera ma decimal ndendende.

aNabanda: Wanena zoona Yamikani, ndipo imeneyonso ilowe pa mndandanda wa zodzakonza, osati lero.

Tiyamike: Ndamva. Tsopano kudula kwenikweni. Ndidule mizere ingati ingati?

Kondwani: Apa ndiye ndili ndi mawu. Function yabwino isapitirire mizere isanu kapena khumi. Robert Martin mu Clean Code, ya 2008, amalimbikira kuti ma function akhale aang'ono, ndipo kenako achepe kuposa pamenepo. Iliyonse ichite chinthu chimodzi. Mukatero code imawerengeka ngati nkhani, simufunanso ma comment.

aPhiri: Pamenepa ine ndi Kondwani tisiyana, ndipo si ife tokha, akuluakulu a ntchitoyi nawonso amasiyana. John Ousterhout wa ku Stanford, m'buku lake la 2018, amatsutsa poyera kuduladula kotero. Mfundo yake ndi yoti function yabwino ndi imene ili ndi khomo laling'ono koma ikubisa ntchito yambiri kumbuyo. Mukadula kwambiri mumapeza ma function 80 a mizere itatu itatu, ndipo kuti mumvetse mmene chenji chimawerengedwera muyenera kudumpha mafayilo asanu mutanyamula zonse m'mutu. Vuto lija silinachoke, langomwazikana. Ndinagwirapo code yotero pa ntchito ina ya malipiro, ndipo inali yovuta kuitsata kuposa function yaitali, chifukwa yaitali mumangotsika nayo.

Malamulo a kalembedwe a Linux kernel ndimawakonda chifukwa ndi a anthu ogwira ntchito yolemera. Amati function ikwane pa sikirini imodzi kapena ziwiri, ma variable ake asapitirire asanu mpaka khumi, ndipo ngati mwalowa mkati kupitirira magawo atatu a indentation, pulogalamu yanu ikufunika kukonzedwa. Koma amanenanso kuti function yosavuta kumva, monga switch yaitali ya zinthu zofanana, ikhoza kutalika popanda vuto. Ndiye utali pawokha si mlandu.

Tiyamike, funso loti mudzifunse si lakuti mizere ingati. Funsani kuti ndani amene angabwere kudzakuuzani kuti musinthe chigawo ichi. Rate imasintha chifukwa cha Reserve Bank. VAT imasintha chifukwa cha bajeti ya nduna ya zachuma. Discount imasintha abwana akaganiza. Maonekedwe a lisiti amasintha ZIMRA ikanena, kapena pulinta ikagulidwa ina. Chenji chimasintha malinga ndi ndalama zimene zili m'manja mwa anthu. Amenewa ndi anthu osiyana, obwera masiku osiyana. Dulani motsata iwowo, kuti tsiku limene VAT yasintha mudzatsegule malo amodzi okha, osakhudza za pulinta.

Kondwani: Komatu amalume, zimene mwanenazi ndi zomwezo za chinthu chimodzi, mwangozitchula mwina.

aPhiri: Mbali ina inde. Tikusiyana pa kukula kwa chinthucho. Kwa ine kuwerengera VAT ya lisiti lonse ndi chinthu chimodzi ngakhale kutenge mizere 40. Kwa inu mwina ndi zinthu zisanu ndi chimodzi.

aNabanda: Ndikupatseni chizindikiro chimene chimandithandiza ine, chifukwa mkangano uwu sudzatha lero. Mukachotsa chigawo n'kupeza kuti function yatsopanoyo ikufuna ma parameter asanu ndi atatu, ndipo ikuyenera kubweza zinthu zitatu, mwadula pamalo olakwika. Bwezani, yang'ananinso. Ndipo ngati mukulephera kuipatsa dzina lomveka popanda kuikamo mawu oti "ndi", monga werengaVatNdiKuchotsaStock, muli zinthu ziwiri mmenemo. Dzina likabwera losavuta, kawirikawiri mwadula pa mfundo.

Dongosolo limene ndingatsate pa function yanuyi ndi ili. Yambani ndi ma if a pamwamba amene akungoyang'ana ngati zinthu zili bwino: dengu lili ndi katundu, wogulitsa walowa, stock ilipo. Mwina panopa ntchito yonse ili mkati mwa ma if atatu kapena anayi olowana. Atembenuzeni kuti chikalakwika function ituluke pomwepo pamwamba. Mukatero mizere yonse yotsala imabwerera kumanzere ndipo maso amapuma. Samalani chimodzi: onani ngati pansi penipeni pali mizere imene imayenda ngakhale zinthu zitalakwika, monga kutseka transaction kapena kulemba log, kuti kutuluka msanga kusaidumphe.

Kenako ma variable ogwiritsidwa ntchito kawiri. Ndikukhulupirira muli $total kapena $tmp imene pamwamba ndi madola, pakati ndi ZiG, pansi ndi ya VAT.

Tiyamike: Ilipo! Dzina lake $amt, ndipo imasintha tanthauzo kanayi.

aNabanda: Igaweni ikhale inayi, iliyonse ndi dzina lonena ndalama yake. Imeneyo ndiyo imamanga zigawo pamodzi n'kukuletsani kudula. Mukatha apo, lekanitsani kuwerengera ndi kuchita. Zonse zowerengera zipite mbali imodzi: zilandire katundu, rate ndi tsiku, zibweze lisiti lathunthu ngati data, osakhudza database kapena pulinta. Zonse zochita zipite mbali ina: kuchotsa stock, kusunga, kutumiza, kusindikiza. Martin Fowler, amene buku lake la 1999 linafalitsa ntchito imeneyi, anaika njirayi mu kope lachiwiri la 2018 pa dzina loti Split Phase. Phindu lake ndi loti mbali yowerengera mukhoza kuiyesa kambirimbiri pa sekondi imodzi popanda makina aliwonse. Ndipo commit iliyonse ikhale ya sitepe imodzi, ma test atadutsa. Magetsi akazima kapena abwana akakuitanirani zina, mumasiya code ikugwira ntchito.

Mphatso: Pa mbali yowerengerayo muikiretu malo a chinthu ichi, chifukwa chikukhudza ntchito imene mwatumidwa. Muno VAT imaperekedwa mu ndalama imene sitolo yalandira. Munthu akalipira zina mu madola zina mu ZiG, msonkho wa lisiti limenelo uyenera kugawidwa moyenera. Ndiye funsani abwana ngati EcoCash imene akunenayo ndi ya madola, ya ZiG, kapena zonse ziwiri, chifukwa chikwama cha EcoCash chili ndi mbali zonsezo. Yankho lake lisintha kapangidwe kanu.

Tiyamike: Limenelo sindinalifunse. Ndifunsa mawa.

Kondwani: Nanga abwana akuti chiyani poona sabata ikutha EcoCash isanaoneke? Amenewo ndi amene amapha refactoring kulikonse.

aPhiri: Funso labwino, mphwanga. Tiyamike, musakawauze kuti mukukongoletsa code, sadzamva ndipo ali ndi chifukwa. Auzeni zoona zake: kuti muike njira yatsopano yolipirira muyenera kulekanitsa malipiro ndi msonkho, ndipo mukutero mosamala kuti malisiti asasinthe. Aonetseninso nkhani ya VAT ija, adzaona okha kuti ntchitoyo yayamba kale kubweza. Komanso inuyo musapitirire malire. Simukuyenera kuyeretsa mizere yonse 600. Konzani njira imene EcoCash idutse. Chigawo cha pulinta ngati chikugwira ntchito ndipo palibe akufuna kuchisintha, chisamutseni n'kuchisiya chonyansa momwemo.

Loweruka

Tiyamike: Akuluakulu, nazi zimene zachitika. processSale tsopano ili ndi mizere 70 ndipo PHPMD ikupereka 11. Mtima wake ukuoneka chonchi:

$lisiti = werengaLisiti($dengu, $kasitomala, $rate, $tsiku);
$malipiro = landiraMalipiro($lisiti, $zolipira);
chotsaStock($dengu);
sungaLisiti($lisiti, $malipiro);
tumizaKuMsonkho($lisiti, $malipiro);
sindikiza($lisiti, $malipiro);

werengaLisiti ikadali yaitali, mizere 130, ndipo mkati mwake muli za discount zimene sindinazigwire chifukwa zalukana ndi mitengo ya ogula zambiri. Malisiti onse a mboni akudutsa. Abwana ayankha kuti EcoCash ndi ya mbali zonse ziwiri. Owerengera ndalama atenga malisiti awiri aja ndipo akuti ayankha sabata yamawa.

Chimene chatsala n'chakuti ndaona kuti chotsaStock imayenda tisanatumize ku msonkho. Intaneti ikaduka pakati, stock yachoka koma lisiti silinapite. Kale zinali chonchi, kungoti sizinkaoneka.

Kondwani: Imeneyo ya 130 ikundiyabwabe, koma mizere isanu ndi umodzi iyo ndaiwerenga kamodzi n'kumva zonse. Ndikanakonda landiraMalipiro ilandire mndandanda wa malipiro, aliwonse ndi ndalama yake ndi njira yake, m'malo mwa chinthu chimodzi. Mukatero EcoCash ndi madola ndi zinthu ziwiri chabe mu mndandanda, ndipo mawa akadzafuna kuwonjezera swipe pa lisiti lomwelo simudzalembanso kanthu.

aNabanda: Maganizo a Kondwani ndi abwino, tsatirani amenewo. Chitani magawo awiri: poyamba musinthe kuti ilandire mndandanda wokhala ndi chinthu chimodzi, mboni idutse, commit. Kenako pa branch ina mulole ziwiri, ndi ma test atsopano amene mulembe ndi Mphatso pa kagawidwe ka VAT. Za stock ndi intaneti zilembeni pa mndandanda uja. Musanasinthe dongosolo lake fufuzani kaye zimene makina a msonkhowo amachita intaneti ikaduka, chifukwa ena amasunga malisiti n'kudzatumiza okha ikabwera.

Mphatso: Nditumizireni malisiti atatu opanda mayina a makasitomala, ndikuwerengerani ndi dzanja mmene VAT igawikire, kuti ma test anu akhale ndi manambala ochokera kunja kwa code.

Yamikani: Achemwali, mungandilole ndione ma commit anu? Ndikufuna ndione mmene munagawira $amt ija.

Tiyamike: Code ndi ya eni ake ndiye sindingaitumize, koma tikakumana mawa tikatuluka ku tchalitchi ku Highfield ndikuonetsa pa laputopu. Amalume, za kuika pa till yeniyeni mukuti bwanji? Ndimaganiza Lolemba m'mawa.

aPhiri: Lolemba m'mawa ayi, ndi pamene amisiri amadzagula za sabata yonse. Ikani lero masana sitolo ikatseka, pa till imodzi yokha, zinazo zikhale ndi yakale. Gulitsani nokha zinthu zingapo muli ndi woyang'anira sitolo, ndipo mugwirizane naye kaye mmene malisiti oyesawo adzabwezedwere m'mabuku. Lolemba madzulo muyerekeze ma total a till imeneyo ndi ndalama zimene zili mu kabati. Zikagwirizana masiku atatu, mupititse ku ma till enawo, ndipo EcoCash ibwere pambuyo pa zimenezo.